Buku Lomwe Ndinabisa M'thumba la Makala

Usiku wathawu ndinalota zoti sindinazionepo, amayi inu, tsitsani kaye zidebezo ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti amuna anga, bambo a Limbani, atha miyezi itatu osagwira makina awo osokera. Kudya movutikira, tulo kulibe, kuyankhula ndiye ayi. Koma Lachinayi lililonse amasamba, kuvala malaya oyera, ulendo kuchipatala kwa a Nasibeko, namwino woona za matenda a maganizo. Kwa ine "eya" ndi "ayi" basi, kwa a Nasibeko ola lathunthu! Nsanje inandidya, sindikubisirani. Ndiye dzulo ndinatenga buku lawo la kuchipatala n'kulibisa m'thumba la makala, ndione ngati lero angapite.

Ndiye m'malotomo ndili pakhonde, ndikuona makina aja akutuluka m'nyumba ndi miyendo yawo yachitsulo.

"Inu makina, ulendo wa kuti?"

"Kwa a Nasibeko, mayi. Kumeneko amamvetsera."

Ha! Ndi makina omwe? Mwadzidzidzi nsapato za bambowo zikutsatira, pilo akutsatira, mpaka tsache langa lomwe, losayamika, likupita monyang'wa osandiyang'ana n'komwe.

Ndiye ndayamba kuzithamangitsa, msewu wasanduka tepi yoyezera nsalu, ndikudumpha manambala. Mwadzidzidzi ndili pageti la chipatala. Mlonda wasanduka tsekwe wovala chipewa, akundijompha chitenje: "Buku! Buku! Buku!" Ndamuzemba. M'kati, kalaliki wolemba mayina wasanduka bilimankhwe, diso limodzi pa cholembera, lina pa manja anga.

"Mayi, manjawo ada ndi chiyani?"

"Sizikukukhudzani."

Ndiye ndakankha chitseko, ndikuti lero ndimuone mkazi wopaka milomo ameneyu. Abale, ndapeza njovu! Njovu yovala diresi loyera, yakhala phee pampando, makutu ngati malichero. Patsogolo pake pali amuna anga, achepa ngati chala changa ichi, asenza mtambo wakuda pamutu, ukuwavumbira okha.

"Mukufunanji kwa amuna a eni ake?" ndakuwa.

Njovu yangokweza chitamba. "Dikirani, mayi, akuyankhula."

Ndipo akuyankhuladi, ndi timawu tating'ono: "Ndikati ndiwauze mayi a Limbani kuti m'mutu mwanga mwalema, amati mwamuna salira, dzukani mukasoke."

Ndimati ndikane, koma makina aja andidumphira, trrr, andisoka pakamwa. Ndagwira makutu anga, asanduka timabatani ta malaya.

Mwadzidzidzi thumba la makala lagwa kuchokera kudenga, buku lija latuluka lili bii, likutsokomola.

"Mayi a Limbani," likutero, "ine m'makala ndikhoza kukhalamo chaka. Nanga awa?"

Ndiye tsekwe walowa, akuti wopanda buku atuluke. Wawatola amuna anga ndi mlomo n'kuwaponya m'thumba muja. Ndalowetsa dzanja, ndikufufuza, khala lililonse ndikalitola si iwo, thumba likunka likuzama, timawu tija tikunka tikuzilala. Ndikufuna kuwaitana dzina, pakamwa posoka. Mantha amene ndinamva pamenepo, musawalote amayi.

Ndiye ndikumva khwe, khwe, khwe.

Kutsegula maso, kwacha. Ndi bambo a Limbani akukoka madirowa a kabati.

"Mayi a Limbani, simunalioneko buku langa?" Kenako anakhala pabedi n'kuyamba kumasula mabatani a malaya oyera aja. "Basi, mwina ndingosiya kupitako."

Ndinathamangira kukhitchini osavala ndi patapata yemwe. Ndinabwera nalo ndikulipukuta ndi chitenje. Anayang'ana bukulo, anayang'ana manja anga akudawo. Kenako anati, "A Nasibeko akhala akunena kuti ndidzabwere nanu. Ndimaopa kukuuzani."

Ndiye chonde amayi, ndilowetseni kutsogolo nditunge msanga. Akundidikira pakhomo, ndipo makalawa sanachoke m'zikhadabo.