Laibulale ya a Kamtedza

Mwambi mwafunsawu, ananu, unayamba motere.

Pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa mapiri a Dedza panali aphunzitsi a masamu, dzina lawo a Kamtedza. Ahedi akale atapuma pantchito, a Kamtedza anapatsidwa mpandowo mongogwirizira. Mlangizi wa masukulu a m'deralo, a Malikebu, anawauza mosabisa mawu: "Loweruka lililonse kuli maphunziro a utsogoleri ku zoni. Muzipita. Teremu ikamatha ndidzabwera kudzaona ngati mpandowu ukukuyenerani."

A Kamtedza zinawaipira. Zaka makumi awiri akugwira choko, lero akakhale pa benchi ngati mwana wa sitandade wani?

"Madamu Nangozo," anatero kwa wachiwiri wawo, "ngati Loweruka mulibe zochapa, muzipita inuyo. Ine zimenezo ndidziwa kale. Utsogoleri sakopera m'kope, umaoneka ndi maso."

Masiku omwewo sukulu inalandira makatoni a mabuku, koma posungira panalibe. A Kamtedza anati mwayi ndi womwewu. Amanga laibulale, mlangizi adzaione yekha, nkhani ya maphunziro ithere pomwepo. Makolo anaumba njerwa, ndipo anaitana mmisiri wa m'mudzimo, a Binwelo.

Tsiku loyamba a Kamtedza anatuluka ndi rula yaikulu ya pa bolodi ndi chitini cha phulusa. Analemba pansi mizere inayi yowongoka bwino, ngodya zonse zitakumana.

"Njerwa zitsate mzerewu," anatero. "Osapatuka."

A Binwelo anauzungulira mzerewo, akukanda kumutu. "Ahedi, mzerewu wakumana ponseponse."

"Eya! Chithunzi cha mbali zinayi chimatero. Mwana akandisiyira mpata pa mzere ndimamuthetha."

"Ndimati tisanayale njerwa, tiyambe taimika..."

"Ndidziwa kale, a Binwelo. Inu gwirani matope, nzeru musiyire ife."

A Binwelo anayang'ana mayi Nangozo, mayi Nangozo anayang'ana kumwamba. Njerwa zinayamba kuyalidwa.

A Kamtedza ankakonda kuima pakati pa nyumbayo, manja kumbuyo, kuti makolo odutsa aone amene akulamula. Lolemba khoma ankangolidumpha. Lachiwiri ankalikwera mokhalira, n'kutembenuza miyendo. Lachitatu linafika pachifuwa, ndipo atafuna kutuluka kuti akaimbitse belu, anayang'ana kum'mawa, kumadzulo, kumpoto, kumwera. Anazindikira chimene mmisiri uja ankafuna kuimika.

Kukanakhala kuti pomwepo a Kamtedza ananena kuti, "A Binwelo, ndinalakwitsa," njerwa makumi atatu zokha zikanachotsedwa, nkhani n'kutha. Koma pamalopo panali amayi otunga madzi asanu ndi mmodzi, ndipo onse anamva za nzeru ndi matope zija.

"Bweretsani makwerero," anatero.

"Makwerero, ahedi?"

"Ali mu pulani."

Lolemba lotsatira mayi Nangozo anawapeza mu ofesi. "Ahedi, ku maphunziro kuja anati mtsogoleri asamachite manyazi kufunsa amene ntchitoyo amaidziwa. Bwanji tiwamve a Binwelo?"

"Ine ndifunse munthu woti seveni kuchulukitsa ndi eyiti amawerenga zala za kumapazi?"

A Binwelo anali pawindo, akunola chikwanje. "Zoona, ahedi, ine sukulu ndinalekezera sitandade folo. Koma nyumba zonse ndinamanga m'mudzi muno eni ake amalowa choimirira."

"Mwaona mwano, madamu? Ndi zimene mukuphunzira ku zoni kwanuko, kupatsa amisiri pakamwa."

Khoma linakwera mpaka pamwamba, litangosiya tizibowo ta mpweya. Mitengo ya denga inaikidwa, malata anayamba kukhomedwa. Tsiku lobwera mlangizi litafika, a Kamtedza anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, anakwera makwerero, natsikira m'kati. Makatoni ankawatsitsira ndi chingwe, iwo n'kumasanja mabuku pa matabwa.

"Ahedi!" anafuula a Binwelo ali padenga. "Latsala lata limodzi. Mutuluke kaye?"

Nthawi yomweyo kunamveka njinga yamoto ikukwera chitunda. A Kamtedza anaganiza za mlangizi akupeza denga losatha, ndiponso ahedi ali pamakwerero ngati wothyola mapapaya.

"Kokani makwererowa, mukhome!"

"Ahedi, ndikakhoma..."

"Ndidziwa kale! Khomani!"

A Binwelo anakhoma misomali yonse, osasiyako ndi umodzi womwe.

M'katimo munada bii. A Kamtedza anakwera pa katoni, naika diso pa kabowo. Anaona a Malikebu akutsika pa njinga, akugwirana chanza ndi mayi Nangozo, kenaka akuizungulira nyumba ija. Anaizungulira kamodzi. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuizunguliranso.

"Ahedi ali kuti?"

"Takulandirani, bwana!" linayankha khoma.

A Malikebu anabwerera m'mbuyo. "A Kamtedza? Mwalowera pati?"

"Funso limenelo, bwana, ndi limene mbava zizidzifunsa. Muno simudzabedwa buku ngakhale limodzi. Pitani masukulu onse a m'zoni muno, laibulale yotetezeka ngati iyi simuipeza."

"Nanga ana aziwerenga bwanji?"

"Ana ndi amene amang'amba mabuku, bwana."

Amayi otunga madzi aja anatula zidebe kuti aseke bwino.

"Chabwino. Nanga inuyo mutuluka bwanji?"

"Wakuuzani ndani kuti ndikufuna kutuluka? Mtsogoleri amakhala pamene pali ntchito yake."

A Malikebu sanakangane nawo. Anapempha mpando, nakhala pansi pa mtengo wa mango, nayamba kulemba kalata. Dzuwa linafika pamutu, malata atsopano anayamba kuthetheka. A Kamtedza anavula jekete, kenaka tayi, kenaka shati. Thukuta linkadontha pa mabuku. Kawiri konse mayi Nangozo anabwera pa kabowo.

"Ahedi, mungonena mawu amodzi, tikuthandizeni."

"Ndili bwino, madamu. Muno mukuzizira."

Ali pa kabowo pomwepo, a Kamtedza anaona mlangizi akupinda kalata ija n'kuipereka kwa mayi Nangozo. Anamva bwinobwino mawu akuti, "Kuyambira lero sukulu ino ili m'manja mwanu, madamu." Mpando unapita iwo akuonerera ndi diso limodzi.

Mayi Nangozo anatembenukira kwa mmisiri. "A Binwelo, ine za zomanga sindizidziwa. Tiboole pati?"

"Mbali ya kumadzulo iyi, madamu, yosawomba mvula."

Nyundo inalira, njerwa zinagwa, fumbi linati koboo. M'bowomo munatuluka a Kamtedza chokwawa, thupi lonse lili mbuu, jekete ali nayo kukhwapa. Anaimirira, anasasa maondo, anayang'ana bowolo mwaukatswiri, kenaka anayang'ana khamu lonse m'maso.

"Mwachita bwino kutsatira pulani," anatero. "Apa pomwepa ndi pamene ndinakonza kuti padzakhale khomo."

Ndiye ananu, mukadzaona munthu akudula mnzake mawu asanamve chimene akuuzidwa, kaya wavala jekete yotani, muzidzakumbukira zimene anthu a kumeneko amanena mpaka lero: Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.