Tsiku limene ndinapima azakhali ndi wotchi yakufa

Nkhani iyi ngakhale ana anga sindinawauzepo, koma manyazi nawo amakalamba, ndiye imvani.

M'ma 1990 ndinali pa yunivesite ku Lusaka. Kwathu ku Chikomeni bambo anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira udokotala. Sananame, ndinayambadi. Koma tsiku loyamba kuona magazi ndinakomoka, n'kusamukira ku zaulimi mwakachetechete. Ine amene ndinkalira ndikakhala nambala thu m'kalasi, ndikanawauza bwanji kuti zandikanika? Ndinatseka pakamwa zaka ziwiri.

Pa holide ina ndinatsika minibasi kwathu nditavala malaya oyera, kolala yowuma ndi ayironi. Kutacha ndinapeza mzere wa odwala pakhonde, patsogolo pali azakhali anga ndi bondo lotupa. Bambo anakhala pambali, chimwemwe chitadzaza tsaya.

Ndinawagwira azakhali pamkono n'kuyang'anitsitsa wotchi yanga ngati katswiri. Wotchiyo inali itaima dzulo lake ku Chipata. Ndinawalamula kuti azimwa madzi ambiri. Wa mutu, madzi. Wa dzino, madzi. Mkulu wina anadandaula kuti mkazi wake amalongolola, ndipo ndinatsala pang'ono kumulembera madzi omwewo.

Masana bambo ananditengera kudimba kuti ndikaone nazale yawo ya fodya. Mayo ine! Mbande zothithikana, zachikasu, mabedi okhota ngati njira ya woledzera. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma mtima wanga wodana ndi zokhota unandigulitsa. Ndinangozindikira ndagwada m'matope, ndikupatulira mbande uku ndikukalipa kuti mbewu anawaza yambiri, madzi akuthira dzuwa lili paliwombo, maudzu ophimbira anachedwa kuchotsa.

Nditadzutsa mutu, bambo anali atandiyang'ana dwii.

"Mwana wane, ni chipatala chiti chimene baphunzisa fodya?"

Ndinaulula zonse. Ndinkaopa kuti andikana pomwepo. Koma iwo anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Iwe! Zaka ziwili fodya wanga adwala, kansi dokotala wake abisala mu nyumba yanga? Vula malaya, mabedi yasala seveni!"

Kuyambira tsikulo ndinadziwa kuti wofuna kunamiza kholo asamadutse pafupi ndi ntchito imene amaikonda.