Mmene Ndinagwera Mwaulemu pa Chitunda

Kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Mayani, ndimadziwika kuti ndine mkamwini waulemu kuposa onse. Mbiri imeneyi ndinaipeza nditagona chammbali m'fumbi, njinga ili pakati pa miyendo, anthu oposa zana akundiyang'ana. Lero ndaganiza zoulula mmene zinakhalira.

Anayambitsa zonse ndi Yamikani, mnzanga wa kuntchito ku Lilongwe. Iyeyu anakakhalako ku Joni milungu iwiri yokha, koma anabwerako ndi nkhani za zaka khumi. Akuti kumeneko anthu amapalasa njinga osati chifukwa chosowa galimoto ayi, koma kungofuna kuona dziko. Amazungulira m'mapiri odzaza minda ya mphesa, n'kumaima pafamu iliyonse kulawa vinyo.

"Ifenso mapiri tili nawo, aise," anatero. "Dedza ija ikusowa chiyani?"

(Ikusowa mphesa ndi vinyo, koma panthawiyo sindinaganize zomuyankha.)

Ndinagula njinga ya kaunjika yopepuka, chipewa cholimba, magalasi akuda, ndi kabudula wothina uja amene sabisa chilichonse chomwe Mulungu anakupatsa. Yamikani anandibwereka nsapato zake zapadera, zokhala ndi kachitsulo kunsi komwe kamakola pa pedulo kuti phazi lisaterereke. Ukafuna kutsika, akuti, umangopotoza chidendene kunja, phazi n'kumasuka. Anandisonyeza kamodzi kokha, atakhala pampando mu ofesi, kapu ya tiyi ili m'manja.

Tereza, yemwe panthawiyo anali chibwenzi changa, atamva za ulendowu sanaseke n'komwe. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti ine ndi ankhoswe anga tikaonekere kwa amalume ake, a Damiano, omwe ndinali ndisanakumane nawo. Mawu awo ndiwo anali omaliza pa ukwati wathu, ndipo anali atabwezapo kale mnyamata wina wofunsira m'banjamo chifukwa chowapatsa moni manja ali m'thumba.

"Mapiri onse ali m'Malawi muno, inu mwasankha a kwathu?" anafunsa Tereza. "Amalume akakuonani ndi kabudula ameneyo, za ine muiwale."

Ndinalumbira kuti kwawoko sitidzerako. Ndinanama. Ndinkafuna ndione mudziwo ndi maso anga, ndidutse ngati mlendo, kuti tsiku lenilenilo ndisadzanjenjemere.

Loweruka m'mawa Yamikani anatumiza uthenga kuti bondo lamuvuta. Ndinakwera minibasi ndekha, n'kutsika pomwe msewu wa ku Kasina umapatukira. Ndinaponda mapedulo, nsapato zinakola bwinobwino, ulendo unayamba.

Ndisaname, poyamba zinali zokoma. Nkhungu inali ikuchoka m'mapiri, mphepo ya mu Juni ikuluma makutu, minda ya mbatatesi ili mbali zonse. Ndinadzimva ngati munthu wa pa kanema. Chinangondisokoneza pang'ono ndi bambo wina wovala patapata, atanyamula matumba awiri a mbatatesi panjinga yopanda giya, yemwe anandipitirira pa chitunda n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Nditadutsa Kasina ndinaona mayi akugulitsa thobwa pansi pa mtengo. Ndinati basi, famu yanga ya vinyo ndi imeneyi. Ndinagwira mabuleki, n'kupotoza chidendene monga anandiphunzitsira. Osamasuka. Ndinapotoza chinacho. Osamasukanso. Mwamwayi mtengo unali pafupi, ndipo ndinaukumbatira ndi mkono wonse.

"Tsikani, achimwene, mukhale pabenchipa," anatero mayiyo.

"Ayi, mayi, ife amasewera sititsika. Magazi amazizira."

Ndinamwa thobwa lija nditakumbatira mtengo. Munthu wanzeru akanamasula zingwe za nsapato pomwepo, n'kutulutsa mapazi, n'kuona chomwe chavuta. Koma panali anthu ogula tomato akundiyang'ana mwachidwi, ndipo sindinafune kuwakhumudwitsa. Ndinadzikankha pamtengopo n'kupitiriza ulendo, ndikudziuza kuti kutsogoloku ndizionera.

Kutsogoloko kunali chitunda chachitali, chija chomwe ukafika pakati umayamba kukumbukira machimo ako. Ndili pakati pomwepo, ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo, ndinamva nyimbo ya amayi, yapansipansi. Nditakweza mutu ndinaona nthambi zamasamba zitayalidwa modutsa msewu.

Ndinakulira m'tauni, koma izi ndimazidziwa. Masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kumaikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Bambo wa mbatatesi uja anali patsogolo panga, akukankha katundu wake yense, kapusi ili m'manja. Amuna anali atakhala mbali zonse ziwiri za msewu, amayi ali pakhonde la nyumba ya siwa.

Ndinapotoza chidendene chakumanja. Ndinapotoza chakumanzere. Ndinapotoza zonse ziwiri pamodzi mpaka mawondo anagundana. Mtengo woti n'kuukumbatira panalibe.

Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo ndinena mosabisa. Ndinaganiza zothawa. Ndinati m'mtima: ndavala chipewa, ndavala magalasi, kuno palibe akundidziwa. Ndiweramitse mutu, ndipalase mwamphamvu, ndidutse ngati mphepo, akatukwana atukwane msana wa mlendo. Ndinasintha giya kuti ndithamange, n'kuimirira pamapedulo.

Giya yomwe ndinasankha inali ya pamalo otsetsereka. Tcheni chinalira, mapedulo analimba ngati mwala, njinga inaima nji, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza masamba. Kwa kamphindi ndinaima m'malere, ine ndi njinga yanga, tikuganizira mbali yogwera. Kenako tinagwirizana za kumanzere. Sindinagwe mwachangu ngati munthu wangozi ayi. Ndinagwa pang'onopang'ono, mwadongosolo, mapazi ali pamapedulo, manja ali pa handulo.

Nyimbo ija inaduka.

Mkulu wina wa jekete lakuda, korona ili m'manja, anadzuka n'kubwera osafulumira. Anagwada pafupi nane.

"Pepani, bambo. Mwavulala?"

"Ayi, ndili bwino, zikomo," ndinayankha tsaya lili pansi.

Anayang'ana mapedulo kwa nthawi, kenako anamasula zingwe za nsapato n'kutulutsa mapazi anga limodzilimodzi ngati akuvula mwana. Ndinaimirira ndi masokosi, limodzi lobooka pa chala chachikulu. Apa m'pamene kabudula uja anaonekera bwino kwa anthu onse. Mayi wina anachoka pakhonde, nkhope atayang'anitsa kumbali, n'kundipatsa chitenje cha maluwa achikasu.

"Fundani, mwananga. Kuno kumazizira."

Sindinafunde kumapewa. Tonse tinkadziwa komwe kumazizirako.

Anyamata ena okumba manda anali atayamba kuyandikira, nkhope zili gwaa. Mkulu uja anatembenuka n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Mwaona, abale? Nsapato za munthuyu zinakanirira panjinga. Akanatha kungodutsa. Koma wasankha kudzigwetsa pansi kusiyana n'kupalasa pamaliro athu. Ulemu wotere masiku ano mungaupeze kuti?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Gogo wina anawomba m'manja mwakachetechete. Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo onse anayesa kudzichepetsa. Anandikhazika pakati pa amuna, nditamanga chitenje m'chiuno, ndinapepesa anamfedwa monga mwa mwambo, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Kenako munthu wina anaitana mkulu uja.

"A Damiano, akuti bokosi lafika."

Sindikukumbukira mmene ndinatsanzikira. Ndikukumbukira ndikukankha njinga ndi masokosi, nsapato zikulendewera pamapedulo, mpaka kuseri kwa masamba achiwiri komwe ndinatuma mwana kukabweza chitenje kwa mayi uja.

Milungu iwiri imeneyo ndinaonda. Tereza sindinamuuze kanthu. Ndinkangodzilimbitsa mtima kuti magalasi sindinavule, ndipo munthu wa suti safanana ndi munthu wa chitenje.

Tsiku lija litafika tinakhala pamphasa, ankhoswe anga kutsogolo, ine kumbuyo manja ali pamawondo, kutali ndi matumba. A Damiano anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Uyu musavutike kumufotokoza," anatero. "Timamudziwa."

M'maganizo ndinaona Tereza, yemwe ndinamudikira zaka zitatu, akundichoka chifukwa cha nsapato zobwereka. Koma a Damiano anayamba kusimba za mlendo amene anadzigwetsa pa chitunda polemekeza maliro, ndipo ankhoswe anga ankangogwedeza mitu ngati khalidwe limeneli analiona mwa ine kuyambira ndili khanda. Amayi ake a Tereza anali pakhomo, atabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje cha maluwa achikasu, mapewa akugwedezeka. Mawu anavomerezedwa tsiku lomwelo.

Potiperekeza, a Damiano anandigwira mkono kuti ena atsogole.

"Akamwini," anatero motsitsa mawu, "ine ndakonza njinga pamsika wa Mayani kuyambira inu musanabadwe. Munthu wofuna kuima sasintha giya n'kuimirira pamapedulo."

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ndiponso mwana wa mlongo wangayu anandionetsa chithunzi chanu pafoni kalekale. Mphuno imeneyo magalasi sangabise."

"Nanga bwanji munanena zija, amalume?"

"Mwanayu amakukondani, ndipo pamaliro sipochititsira munthu manyazi. Tsopano mudzi wonse ukudziwa kuti ndinu waulemu, ndipo amene anawauza ndi ine." Anandisiya mkono. "Musandisandutse wabodza."

Nsapato zija ndinabweza kwa Yamikani, yemwe anazitembenuza n'kunena kuti ee, tizitsuloti tinachita dzimbiri, anaiwala kundiuza. Njinga ndimapalasabe, nditavala thalauza. Ndikaona masamba pamsewu ndimatsikira kutali kwambiri moti oyenda pansi amandipitirira. Kumudziko ndimagwadira aliyense wa imvi, ndimasenza nawo bokosi pamaliro a anthu omwe sindinawaonepo, ndipo manja anga anaiwala kumene kuli matumba. N'zotopetsa, ndikuuzeni. Ndinagwa kamodzi kokha, koma mpaka lero ndikugwirabe ntchito yoti bodza la a Damiano likhale loona.