A Gilford ndi Dzimbiri la Lole ya a Luckson

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndine mphunzitsi wa masamu chabe, ndipo nkhani iyi ndaifufuta kanayi konse. Ngati pena ndaphonya, a ku Kawale mundikhululukire, poti malemu a Gilford munkawadziwa kuposa ine.

A Gilford ankadana ndi dzimbiri ngati linawalanda mkazi. Ena amati linaterodi. Akuti tsiku limene anakweza chibwenzi chawo pa pikapu yawo yakale, pansi panabooka, nsapato ya mtsikanayo n'kutsala pamsewu wa ku Biwi, chibwenzi n'kuthera pomwepo. Izi sindinathe kuzitsimikiza. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti ankayenda ndi katoni kukhwapa ndi sipoko ya njinga yonola yobayira dzimbiri m'thumba. Galimoto ikangoima, kaya kutchalitchi kaya pamaliro, mumangoona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwake.

"Mwini wake ndani?" mawu ankatuluka pansipo. "Pamwamba mwapukuta mpaka kuwala ngati mphumi ya mkwatibwi, koma kuno matope a chaka chatha akadali mbwee! Mukumuphikira mdani wanga, eti?"

Mankhwala awo sankasintha: kutsuka matope onse, kupala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, powola kudula n'kuwotcherera chigamba, kenako kupaka oyilo wakuda wosakaniza ndi girisi mvula isanagwe. Corolla yanga ankaipaka chaka ndi chaka.

Tsiku lina pamsika, a Luckson, bambo wa ku Chinsapo wogulitsa njerwa, anapeza miyendo ija pansi pa lole yawo.

"Wakuba! Akuba dizilo uyu!"

Anthu anawakoka a Gilford ngati thumba la makala, makofi n'kuyamba kugwa. Ine ndinalipo, tomato ali m'manja. Ndikanangoti, "Asiyeni, ndikuwadziwa," zikanatha. Koma ndinaima duu, ndikusankha mawu oyenera. Anawalanditsa ndi mayi Elube ootcha chimanga, amene analowa pakati ndi chikupizo chawo.

A Gilford anadzuka, anasasa fumbi, anatola sipoko yawo.

"A Luckson, ndimafuna ndikuuzeni kanthu za lole yanuyi. Basi, ndameza. Mudzandipepesa pompano, mutagona pamene ndinagona inepa."

"Ndipepese wamisala? Chokani apa!"

Kuyambira tsikulo a Gilford anapalana ubwenzi ndi mdani wawo. Lole ikaima pamsika, ankavula chipewa n'kuwerama mwaulemu wonse.

"Mwadzuka bwanji, a Dzimbiri? Idyani, achimwene, musachite manyazi. Ponona ndi apo pa sipuling'i yakumbuyo."

Mvula ikagunda ankathamangira komweko kukalengeza kuti, "Achimwene, ndiwo zafika!" Msika wonse unkagwa ndi phwete, a Luckson n'kumangoti anthu ndi ansanje. Ine sindinkaseka kwenikweni, chifukwa Corolla yanganso anasiya kuigwira. Sanandinyozepo ngakhale kamodzi. Ankangoidutsa n'kuipatsa moni womwewo, motsitsa mawu.

Dzinja lachitatu, lole itasenza njerwa mpaka pakamwa, inakwera bampu ya pafupi ndi msika n'kumveka kuti khotyo! Chasisi, msana wa loleyo, inathyoka, lole n'kugwada pakati ngati bulu wokana katundu. A Gilford sanathamange. Anabwereka mpando kwa mayi Elube, anagula chimanga chachikulu, n'kukhala pamthunzi kumadya njere imodzi imodzi.

Amakanika atatu anabwera, anasuzumira, n'kupukusa mitu. "Izi ndi za a Gilford." Njerwa zitatsitsidwa, a Luckson anafika chipewa chili m'manja.

"Bambo, zakale zija tiziiwale."

"Mwati bwanji? Khutu ili linafa ndi khofi lanu lija. Masiku ano ndimamva mawu ochokera pansi okha."

A Gilford anawapatsa katoni ija. A Luckson, ndi mimba yawo yonse ija, anakwawa mpaka kutsala miyendo yokha kunja.

"Pepani a Gilford, sindinu wakuba!"

"Kwezani, amayi a usipa uko sanamve."

"Sindinu wakuba!"

"Nanga wopusa ndani?"

Kuchokera pansipo tinamva kuti, "Ndine."

A Gilford anamaliza kaye chimanga chawo. Atatero anavula jekete, ndipo anaiwotcherera loleyo masiku anayi, akutukwana dzimbiri ngati kale. Ndi lole yomweyo imene inanyamula bokosi lawo kupita kwawo ku Ntcheu chaka chatha, a Luckson ali pachiwongolero, akukwera bampu iliyonse ngati anyamula mazira.

Pano magalimoto a ku Kawale amaima mwamtendere. Palibe wowasuzumira, palibe wotikalipira, ndipo kunsi kwake kukudyeka mwakachetechete. Ine sindinawapepese a Gilford. Zaka zonsezo ndinkakonza mawu, kuwafufuta, kuwakonzanso, mpaka mwini wake anapita.

Sabata yatha ndikuyendetsa, phazi langa linamva kamphepo kochokera pansi. Nditawauza mayi Elube, sanadabwe. Anapisa kuseri kwa mbaula yawo n'kutulutsa katoni yakuda ndi oyilo, pamodzi ndi sipoko ija.

"Anandisiyira eni ake. Anati, 'Aphunzitsi akadzabwera muwapatse. Pogona akupadziwa.'"

Loweruka lino ndikaimika Corolla pamsika dzuwa lili paliwombo, ndikayala katoniyo, ndikalowa pansi ndi bulashi ya waya. Ndisanapale kalikonse ndikanena mawu aja, osawafufutanso, mokweza kuti amayi a usipa amve.