Timapepala Tanga pa Nsanja ya Mayi Nachisale

Lolemba
Funso la sabata ino: kodi kapepala kathu kangathe kusonyeza, ndi dontho limodzi la magazi, ngati kutentha thupi kwa munthu kukuchokera ku mabakiteriya, popanda kumutumiza kuchipatala cha ku Furancungo? Ndafika m'mudzi wa kufupi ndi Chidzolomondo pa mota, njinga yamoto. Ndili ndi bokosi la timapepala trinta (makumi atatu), tisingano, thonje. Ndikapanda kubwerera ndi zotsatira, akuluakulu a ku labotale aitseka ntchitoyi. Mayi Nachisale, mwini nyumba, andipatsa chipinda chawo chomwe. Ndikuthokoza.

Lachiwiri
Odwala ndi alimi a fodya. Zala zolimba ngati chikopa, zomata phula la masamba. Kasingano sikakulowa! Timapepala tinayi tawonongeka. Enfermera (namwino) wa pano, Dona Filomena, akundiphunzitsa kubaya m'mbali mwa chala. Zaka zisanu ndi ziwiri za maphunziro, palibe anandiuzapo.

Lachitatu
Asanu ayezedwa bwino. Masana mvula, denga likudontha pafupi ndi bokosi. Ndikufotokozera Mayi Nachisale mwatsatanetsatane kuti chinyezi chimapha mankhwala a pa timapepala, ndiponso kuti n'tamtengo wapatali. Akumvetsera ngati m'tchalitchi.

Lachinayi
Bokosi palibe. Ndalipeza madzulo kukhitchini, pa nsanja pamwamba pa moto, pakati pa mbewu ya chimanga ndi ya nyemba. Lakuda ndi mwaye, likutentha ngati mbatata yootcha. Mayi Nachisale akuti: "Adotolo, kuno chinthu chofunika timasunga pautsi. Chinyezi sichifika, anankafumbwe safika." Ndikuvomereza kuti mfundo yawo ndi yolondola pa zonse zimene ndinawauza. Za kutentha sindinatchule.

Lachisanu
Ndikuyesa kamodzikamodzi. Mzere wotsimikizira kuti kapepala kali moyo sukutuluka. Kachiwiri, ayi. Kachikhumi, ayi. N'touma ndithu!

Loweruka
Mayi Nachisale sakudya. Atumiza alongo awo kudzapepesa, nkhuku kukhwapa. Ndikukana katatu, Dona Filomena akunditsina, akuti kukana n'kunena kuti mlandu ukadalipo. Ndalandira.

Lamulungu
Ndikubwerera ndi: zotsatira zisanu, bokosi lonunkha utsi, nkhuku imodzi. Sizokwana, mwina ntchito itsekedwadi. Komabe ndikuyamika, pakuti ku labotale timayesa timapepala pa kutentha kwa m'kabati, pamene m'midzi ino kabati yodalirika ndi nsanja. Ndapempha amayiwo kuti timapepala tiwiri totsala asatichotse pansanjapo, ndipo aseka koyamba chiyambire Lachinayi. Chotsala kufufuza: kodi ndi mankhwala otani angapirire miyezi itatu pambali pa mbewu ya nyemba?