Kudikira London Pakati pa Chilwa

Lolemba

Foni yafika ndi basi ya ku Joni, yokulungidwa m'bulangete. Bulangete ndi la apongozi, foni ndi yanga. Atumiza ndi alamu anga a Yusufu, achimwene awo a akazi anga, mayi a Shakira. Akuti munthu woyendetsa boti la injini asamayende ndi kafoni ka mabatani.

M'fonimo asiyamo apu yoonera msika wa ndalama zakunja. Ukatsegula pamabwera tchati: timizere toimirira, tina tobiriwira, tina tofiira. Alamu amati makandulo. Lobiriwira ndiye kuti mtengo wakwera, lofiira watsika. Kumbuyo kwake kuli mabokosi atatu: lachikasu ndi nthawi imene msika wa ku Tokyo uli wotsegula, labuluu ndi London, lofiirira ndi New York.

Uthenga wa mawu wa alamu ndaumvera kanayi: "Musagule kanthu, musagulitse kanthu. Ingoyang'anani sabata imodzi. London ikamatsegula mpamene zimavina."

Bokosi labuluu la sabata yatha likuyambira pamene palembedwa 07:00. Ndiye pulani ndi iyi:

1. Tsiku lililonse 7 koloko, kuona London ikutsegula.
2. Tokyo ndaisiya. Imatsegula anthu abwino atagona.
3. Osauza apongozi. Boti ndi lawo, injini ndi yawo, ine ndimangoyendetsa.

Zimene ndikufuna kudziwa: amene amagulitsa dola ku Londonko ndani? Amakhala pa benchi kapena m'sitolo? Amanenerera ngati a matemba? Nanga amene amajambula kandulo ndani, ndipo amadziwa bwanji msanga chonchi?

Vuto limodzi. Padoko netiweki ndi ya mauthenga basi. Tchati ikungozungulira kampira, sikusuntha.

Lachiwiri

Tanyamuka hafu sikisi monga mwa masiku onse. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, matumba a simenti awiri, mtanga wa tomato, mbuzi. Kutsogolo kwakhala Mayi Namakhwa, aphunzitsi a pasukulu ya pa chilumba cha Chisi, amene amawoloka nane m'mawa uliwonse.

Titadutsa zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa udzu wa njedza tija, pamalo pamene phiri la Zomba limaoneka lonse, foni yanjenjemera m'thumba. Kuyang'ana: netiweki yodzaza! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudutsa pamenepa osadziwa.

Nthawi: 7 koloko ndendende. Ndazimitsa injini. Ndawauza anthu kuti ndikumvetsera kaphokoso kena.

Tchati yatseguka. Makandulo ang'onoang'ono ngati nthanga za mpunga. Bokosi labuluu palibe. Ndadikira mphindi zisanu, palibe. Mayi Namakhwa ayang'ana wotchi yawo, kenako ayang'ana ine. Agogo ena afunsa ngati injini yozima imamveka bwino kuposa yolira.

Injini yalira nditakoka chingwe kachitatu.

Maganizo anga: a ku London achedwa. Alamu amati kumeneko kumazizira kuposa June wathu uno. Mwina sanadzuke. Ifenso tsiku la mphepo ya mwera timachedwa.

Lachitatu

Pamalo pomwe paja, ndazimitsanso. Lero ndati ndiwapatse mphindi makumi awiri.

Chimene sindinaganizire: netiweki si yanga ndekha. Mafoni onse a m'boti ayamba kulira. Mayi wa tomato waimbira mwana wake ku Lilongwe, kumufunsa ngati akudya. Bambo wa simenti akukangana ndi mmisiri. Agogo aja apempha wina awaimbire mdzukulu wawo, nambala ili pa kapepala m'chipewa. Boti lonse lasangalala, kupatula Mayi Namakhwa.

London osatsegula.

Kukoka chingwe. Zii. Kukokanso. Zii. Kakhumi. Ndatsegula pulagi, ndapukuta, ndauzira, ndabwezera. Zii.

Mwayi wake Chilwa ndi yosazama. Ndatenga nsungwi n'kuyamba kukankha boti, bambo wa simenti akundithandiza ndi thabwa la pampando. Tafika ku Chisi 10 koloko itadutsa. Manja matuza okhaokha. Mayi Namakhwa potsika angoti: "Ana a Sitandade 8 andidikira maola awiri. Mayeso awo oyesera ndi mawa." Mawu amenewa andilowa kuposa matuza.

Injini waikonza msodzi wina. Akuti ndimaimwetsa petulo wambiri pokoka mopupuluma.

Pobwerera ndangochepetsa liwiro pamalo paja n'kusuzumira. Bokosi labuluu lilipo! Likulu, lodzaza makandulo ataliatali. Ndipo pansi pake palembedwa kuti linayamba 07:00.

Koma 7 koloko ndinali pomwepo, maso pa foni. Panalibe kanthu. Ndiye pali ziwiri: foni ikunama, kapena a ku London amadikira ndiike foni m'thumba.

Mayi a Shakira afunsa za manja. Ndati injini. Si bodza kwenikweni.

Lachinayi

Lero m'boti muli apongozi eni ake, Abiti Saidi. Akupita ku sadaka ya malemu achemwali awo ku Chisi, akagona konko. Auza mwana wawo padoko, ine ndili chapatali mwaulemu, kuti abwerera mawa ndi boti la 10 koloko chifukwa masana kubwera alendo odzafunsira mbeta mdzukulu wawo.

Injini sindinaikhudze. Tadutsa pamalo paja mafoni akulira m'matumba, ine maso kutsogolo ngati sindikumva.

Mayi Namakhwa lero akhala pafupi ndi injini, phazi lili pa thanki ya petulo. Titafika ku Chisi, apongozi atatsika, andifunsa kuti kwenikweni ndimayang'ana chiyani. Ndawaonetsa chithunzi cha tchati chimene ndinajambula dzulo. Ndawafotokozera za kuchedwa kwa a ku London.

Aseka mpaka kukhala pa thumba la mchere.

Akuti dziko lili ndi mawotchi ambiri. Tchati yanga ikuyendera wotchi ina imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri. Pamene palembedwa 07:00, kuno ndi 9 koloko. Alowa m'kati mwa apuyo, adina apa ndi apo, asintha. Tsopano bokosi labuluu likuyambira 09:00.

Ndiye kuti masiku awiri ndakhala ndikunena anthu osalakwa. A ku London amasunga nthawi. Wolawirira ndinali ine.

Ndafunsanso: nanga ku London dzuwa limatuluka mochedwa, kapena amangobweza wotchi dala? Akuti zonse ziwiri, ndipo asanandifotokozere zambiri, belu lalira. Izi ndidzafunsabe.

Vuto latsopano: 9 koloko ndimakhala ndili ku Chisi, kudikira anthu obwerera. Kumeneko netiweki njofooka kuposa padoko.

Pulani yatsopano: mawa kunyamuka ku Chisi hafu eyiti m'malo mwa 10. Tsiku limodzi lokha. Ndani angadandaule ndi boti lofulumira?

Lachisanu

Ulendo wa m'mawa wabwinobwino. Mayi Namakhwa afika kusukulu belu lisanalire.

Hafu eyiti ndaliza injini. Anthu anayi okha. Wina wafunsa ngati kwagwa zovuta kumtunda. Ndati ayi, ndi Lachisanu, tikufuna tikafike ku mzikiti mosathamanga.

Mphindi ziwiri isanakwane 9 tili pamalo paja. Injini sindinazimitse, ndaphunzira. Ndangoisiya ikung'ung'udza.

9 koloko. Bokosi labuluu latulukira pa tchati lokha, popanda wolikhudza. Kakandulo kakang'ono kobiriwira kayamba kutalika ndikuona. Kukwera, kukwera, kuima, kubwerera pang'ono, kukweranso. Kenako lofiira lalitali kugwa ngati nsungwi yapulumuka m'manja. Manambala a m'mbali akuphethira osapuma. Ine pakati pa Chilwa, kakowa ataima pa njedza apo, ndikuona anthu a kutsidya kwa dziko akulimbirana mtengo nthawi yomweyo. Ndawaonetsa anthu anayi aja. Mayi wina wati zikufanana ndi mpanda wa kwawo mphepo itawomba.

Mphindi khumi ndi ziwiri zokoma.

Kenako foni yalira. Mayi a Shakira. Akufunsa ngati amayi akwera kale, chifukwa akufuna adziwe nthawi yoika mpunga pamoto.

Amayi.

Kuti ndibwerere, petulo wotsala ngwa ulendo umodzi, ndipo mmodzi mwa anayiwo akupita ndi mwana kuchipatala. Ndapitirira kudoko, ndathira petulo, ndabwerera ku Chisi mothamanga. Kufika 11 koloko. Padoko la kumeneko anthu khumi ndi awiri okwiya, apongozi palibe. Akuti amva kuti boti lawo lomwe lawasiya. Angoitana msodzi wa bwato n'kukwera, mwera uli m'kati.

Sitinakumane panjira. Msodziyo anadutsa za m'njedza pothawa mafunde.

Apongozi afika kumtunda cha m'ma 2, chitenje chonyowa mpaka m'chiuno, bulangete latsopano lija likudontha. Alendo a mbeta anali atakhala kale pa mphasa. Ine ku mzikiti sindinafikeko n'komwe.

Uthenga wabwera kudzera mwa mayi a Shakira, sanandiyang'ane pounena: "Akuti injini ichotsedwe pa boti, ikasungidwe kuchipinda kwawo."

Ndaisenza ndekha. Njolemera kuposa mmene ndimaganizira.

Loweruka

Boti lili padoko lopanda injini. Mayi a Shakira akundilankhula ndi mbale: kuika, kuchotsa.

Koma ndikaganiza bwino, lero ndi tsiku loyamba limene ndili ndi nthawi yonse. London 9 koloko, New York 2 koloko, zonse ndikhoza kuona. Zolakwa zalakwika kale, ndione ndithu mpaka kumapeto.

Ndabwereka bwato kwa mnzanga wina. Zotenga:

- foni, batire yodzaza
- bandulo yatsopano
- tiyi m'botolo
- mbatata zitatu
- chipewa

Kupalasa ola limodzi ndi theka ndi manja a matuza. Ndafika isanakwane 9, ndamangirira bwato pa njedza.

9 koloko. Tchati phee. Kandulo lomaliza lili pomwe lili.

Hafu naini. Ndazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndaona ngati wotchi ija yabwerera mwakale. Ili bwino. Ndadya mbatata.

11 koloko. Asodzi awiri adutsa, afunsa ngati ndikuwedza. Ndati eya. Afunsa kuti mbedza ili kuti.

Ndati mwina London yokha ndiyo ili ndi maliro, ndidikire New York. Dzuwa pamutu, udzudzu masana omwe. 2 koloko yakwana, bokosi lofiirira osabwera.

Ndatumiza uthenga kwa alamu. Ayankha akuseka, kumbuyo kukumveka magalimoto: "Alamu, Loweruka ndi Lamulungu msika umatseka. Sindinakuuzeni kodi? Komanso ndamva za amayi. Musandiikemo."

Kupalasa pobwerera maola awiri. Mphepo inali kumaso.

Lamulungu

Kuitanidwa kwa apongozi. Iwo pakhonde, ine pansi pa mtengo wa mango, mayi a Shakira pakati kunyamula mawu.

Chigamulo: boti ayendetsa msuweni wa mayi a Shakira kwa mwezi umodzi. Ine ndikamwete mpunga kumunda kwawo ku Likangala, wacha kale ndipo mbalame zayamba. Komanso ndikapepese kwa aphunzitsi ndi kwa msodzi wa bwato uja. Palibe chimene ndingatsutse. Zonse nzoona.

Ndimati zatha, koma apongozi afunsa mwana wawo kuti chimene ndinawasiyira pachilumbacho n'chiyani, achione. Foni yayenda kuchoka kwa ine kupita kwa mayi a Shakira, kuchoka kwa iwo kupita pakhonde. Pa foniyo pali chithunzi cha tchati chimene ndinajambula Lachisanu. Achiyang'ana nthawi yaitali, achitembenuza chadodolido, achibweza. Afunsa kuti katundu wake ali kuti. Ndayankha kudzera mwa mwana wawo kuti katundu ndi ndalama zomwezo. Afunsa ngati panopa anthu akugula. Ndati lero ndi dzulo n'kotseka.

"Msika wotseka Loweruka," atero. "Amenewo sali pa bizinesi."

Kenako afunsa ngati foni imeneyi ndi ija munthu amaona nkhope ya amene akulankhula naye. Mayi a Shakira avomera. Apongozi akuti papita zaka zitatu asanaone nkhope ya Yusufu. Aiika m'kachikwama kawo n'kutseka zipi.

Dandaulo ndinali nalo. Ndani akanandinenera?

Kafoni ka mabatani ndakapeza m'sutikesi, kakugwirabe. Chikwakwa ndanola. Mawa 9 koloko London idzatsegula m'chikwama cha apongozi, ine ndili chiweramire m'mpunga.