Mwana Wanga Wandipeza m'Kalasi

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Nthambi Yofulumizitsa Maphunziro, pa yunivesite yathu yokondedwa.

Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Mundikhululukire polemba kudzera m'nyuzipepala. Ndakhala ndikubwera ku ofesi kwanu, koma mlembi wanu amati mwangotuluka kumene, choncho moni wanga wakhala ukulandiridwa ndi jekete lanu lokolekedwa pampando. Sindikudandaula ayi. Munthu woyang'anira changu angapezeke bwanji atakhala pansi?

Ine ndine wophunzira wanu wamadzulo, bambo wa imvi zongoyamba kumene, wosunga katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Digiri yoyamba ndinaipeza kalekale, mokwawa ngati nkhono. Abwana anga atandiuza kuti udindo wa manijala umafuna digiri yachiwiri ya masitazi, ndinalembetsanso sukulu, kumachoka kuntchito fumbi la simenti lili m'tsitsi n'kulunjika m'kalasi. Ndinkayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka inu munabweretsa njira yanu yachidule yoti mwana azitenga madigiri awiri pakamodzi ngati mapasa. Pa zimenezi ndili ndi mathokozo angapo.

Choyamba, ndikuthokozani polumikizitsa banja langa. Tsiku lina ndili chikhalire kumbuyo kwa kalasi, ndinaona kamtsikana kakulowa ndi chikwama chimene ndinagula ndekha. Anali mzime wanga, amene dzana lomweli ndinkamunyamula pakhosi popita naye kusikelo. Ndinayesa wabweretsa uthenga wa maliro, ndipo ndinadzuka n'kumufunsa kuti kunyumba kwagwanji. Iye anati, "Kuli bwino, bambo. Tasunthani pang'ono, kalasi yathu aiphatikiza ndi yanu." Akale ankati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Inu mwawatsutsa akalewo poyera, ndipo mwachita bwino.

Chachiwiri, ndikuyamikani pophatikiza makalasi popanda kuphatikiza mipando. Nzeru yotere si ya munthu wamba. Anawo amathamanga n'kulanda malo onse, ife akuluakulu n'kumalemba titatsamira zenera, kope lili pantchafu. Mwana wanga, poti analeredwa bwino, anayamba kundisungira mpando. Tsoka lake unali wakutsogolo, pamphuno penipeni pa aphunzitsi, pamalo poti munthu sungaphethire motalikitsa. Ndikangoti ndisinkhesinkhe nditatseka maso, chigongono chinkandipeza m'nthiti. Chigongono cha amayi ake chenicheni.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mwandigometsa: aphunzitsi a kalasi imeneyi ndi omwe aja anandiphunzitsa digiri yoyamba ndili ndi tsitsi lonse. Mapepala awo ndi omwe aja, angofiira m'mphepete. Nthabwala yawo ndi yomwe ija, ndipo amaima pamalo omwe aja kudikira kuti tiseke. Ndipamene ndinazindikira kuya kwa maganizo anu. Ngati zophunzira za digiri yachiwiri zili zomwezo za yoyamba, mwana achedwerenji? Enafe tinkangotha nsapato pachabe.

Chachinayi ndi nkhani ya ntchito ya pagulu. Aphunzitsi anatiika gulu limodzi, ndipo anzathu anasankha mwana wanga kukhala mtsogoleri. Bwana, munayamba mwatumidwapo kukasindikiza mapepala ndi munthu amene munamuphunzitsa kugwira supuni? Ndinapita. Nditachedwa kupereka gawo langa, analengeza pamaso pa gulu lonse kuti pali "anzathu ena" amene akubwezera gulu m'mbuyo. Madzulo ake, anzathu enawo ndi amene anamulipirira basi.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Ana anga anakula akudziwa kuti bambo wawo sankatsika pa nambala wani. Imeneyi inali mbiri yokhazikika, yopanda mboni yotsutsa. Tsopano zotsatira za mayeso zimamatidwa pakhoma limodzi, dzina lake pamwamba, langa poti munthu awerame. Mayi a kunyumba anayamba kufunsa kuti, "Nanga akuluakulu zawayendera bwanji?" Ndikati mayeso anali ovuta, iwo amatembenukira kwa mwana, mwana n'kuyang'ana kudenga. Loweruka nalo ndinkakhala ndi kalasi yapadera imene inkatha nthawi yofanana ndi mpira. Kalasi imeneyo inathetsedwa mwadzidzidzi mwana wanga atanena kuti pa ndandanda wake siikuoneka.

Chachisanu ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Mwanayo anamaliza. Anaonda ngati ndodo, anzake anamuiwala, ukwati wa msuweni wake anaumvera pafoni, koma anamaliza. Anavala gauni kamodzi, madigiri awiri m'manja, ine ndikuwomba m'manja kumpando wa makolo, poti phunziro limodzi linandikonda kwambiri moti linandipempha kuti ndilibwereze.

Kenaka anayamba kusaka ntchito. Kumene kuli ntchito yaing'ono amamuuza kuti waphunzira mopitirira, adzawathawa. Kumene kuli yaikulu amamufunsa kuti anagwirapo kuti, iye n'kuyankha kuti nthawi yogwirira ntchitoyo ndi imene yunivesite inamupulumutsira. Amaseka, namuperekeza mpaka pakhomo.

Tsiku lina kampani yathu inalengeza udindo wa manijala uja, womwe ine ndakhala ndikuuvutikira. Ndinapempha. Mwana wanga naye anapempha, osandiuza. Tinakumana pabenchi lodikirira, aliyense ndi envulopu yake, ine nditavala tayi imene iye anandisitira m'mawa womwewo. Anangonditambasulira dzanja n'kundikonzera kolala.

Pambuyo pake abwana anga anandiitana. Anati, "Akulu, mwatiika pampanipani. Inu ntchito mukuidziwa, pepala mulibe. Mwana wanu pepala ali nalo, ntchito sakuidziwa. Mukanakhala munthu mmodzi, bwenzi nkhani itatha." Poopa kugawanitsa banja, udindowo anaupereka kwa mlamu wawo, amene alibe zonse ziwiri.

Panopa dokotala wathu wam'tsogolo, monga mmene aneba akumutchulira, amakhala pakhonde kuthandiza amayi ake kusoka makatani. Dzulo, akulowetsa ulusi m'singano, anandifunsa osandiyang'ana: "Bambo, kodi ndinkathamangira kuti?" Ndinamulonjeza kuti ndikafunsa eni ake liwirolo, ndipo ndi ine pano.

Musandimve molakwa, Bwana. Sindikupempha kuti muthetse njira yachiduleyi. Ndine yani ine? Basi yanu ndi yothamanga zedi, ndipo tonse tikuisirira. Mwangoiwala kachinthu kamodzi kakang'ono, komwe ndi kufunsa ngati kumene ikupitako kuli potsikira.

Pempho langa ndi lochepa. Ndamva kuti zaka zanu zopumira pantchito zinakwana kale, koma mwachifundo chanu mwakhala mukuvomera kuti akuwonjezereni zina, ndi zinanso. Si bwino kuti munthu amene wafulumizitsa ana a eni ake chonchi, iye yekha azichedwetsedwa. Chonde, lolani kuti changu chimene mwatigawira ife chikufikeni nanunso. Phatikizani zaka zotsalazo zikhale mwezi umodzi, monga mudziwira kuchita, tikuchitireni phwando lotsanzikana. Za wolowa m'malo musade nazo nkhawa. Ndili naye pakhonde pano, madigiri awiri, ndipo akhoza kuyamba Lolemba.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuwawa,

Wophunzira wamadzulo, wobwereza, komanso kholo.